Kodi Ulemu wa Mayi Uli pa Chingwe Choyanikira Zovala?

Amayi anzanga, amayi anga atamwalira, ife ana awo aakazi tinakhala pansi kuti tigawe zovala zawo monga mwa mwambo. Titatulutsa zonse m'bokosi lawo lachitsulo, pansi penipeni tinapeza pepala limene anayalapo kuti dzimbiri lisaononge zitenje. Linali tsamba la magazini akale. Njenjete zinali zitadya m'mbali mwake, kotero kuti dzina la sopo amene ankatsatsidwa pamenepo silinkawerengekanso. Koma chithunzi chinatsala. Mayi wina wovala diresi losita bwino ndi nsapato zazitali chidendene akuyanika nsalu zoyera mbee, akumwetulira ngati kuchapa ndi phwando. Kuseri kwa mpanda mayi mnzake akusuzumira, nkhope ili ndwii, m'manja atanyamula zovala zake zotuwa.

Ndinachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Amayi anga sanachapepo atavala nsapato zotere. Ankachapa pa mchenga wa Luangwa, diso lina pa zovala, lina pa madzi kuopa ng'ona. Nyengo ya mvula madziwo ankakhala ofiira ndi matope, ndipo nsalu yoyera inkabwerako itasintha mtundu. Ndinadzifunsa kuti: pa amayi awiri a pachithunzichi, amayi anga ankadziona kuti iwo ndi uti? Nanga ine, amene ndapyola zaka makumi asanu, mphunzitsi wa ku sekondale ndiponso mtumiki mumpingo, ndimayeza anzanga ndi muyeso wa yani? Funso limene ndikufuna tiganizire pamodzi ndi ili: kodi nkoyenera kuweruza mayi poona kuyera kwa zovala za pabanja pake?

Chimene ankagulitsa pamodzi ndi sopo

Kale ku England sopo ankadulidwa m'sitolo kuchokera ku mtanda wautali, nkumuyeza pa sikelo ngati mchere. Mu 1884 munthu wina wamalonda, William Lever, anayamba kugulitsa sopo wodulidwa kale, wokulungidwa m'pepala lokongola, wokhala ndi dzina lakelake: Sunlight. Dzinali tonse tikulidziwa. Koma sopo ndi sopo, ndipo makampani opanga anali ambiri. Kuti mayi asankhe uyu nkusiya uyo, panafunika kumuuza chinthu china choposa thovu.

Otsatsa malonda anaphunzira msanga kumene mtima wa mayi uli wofewa. Mu 1933 ku America kampani ya Procter & Gamble inayamba kulipirira sewero la pawailesi lotchedwa Ma Perkins, pofuna kutsatsa sopo wake wa ufa wa Oxydol. Seweroli linkaulutsidwa masana, nthawi imene amayi ali pakhomo ndi ntchito. Nchifukwa chake mpaka lero masewero opitirira a nkhani za m'banja Azungu amawatcha soap opera. Ku Britain otsatsa Persil ankakonda kujambula ana awiri, wina wovala malaya owala, wina otuwa, ndipo woonerera ankangodziwa yekha kuti cholakwa chili ndi mayi wa mwana wachiwiriyo. Mu 1968 sopo wamadzi wa Wisk ku America anayamba kutsatsidwa ndi nkhani ya litsiro la pakolala ya shati. Bambo ndiye wavala shatiyo, khosi ndi lake, koma amene ankachita manyazi pamaso pa anthu anali mkazi wake. Sopo wotsukira mbale naye anali ndi njira yake. Fairy Liquid, amene anafala ku Britain kuyambira 1960, ankalonjeza kuti manja a mayi adzakhala osalala ngakhale atsuke mbale tsiku lonse. Tanthauzo lake linali lakuti: gwira ntchito, koma manja ako asaonetse kuti wagwira ntchito.

Mukaziika pamodzi zithunzi zonsezi, muona kuti mwa munthu muli zinthu ziwiri zimene ankazigwira. Choyamba ndi chikondi, pakuti mayi aliyense amafuna mwana wake aoneke bwino. Chachiwiri ndi mantha, mantha a diso la mnansi. Pafupifupi pa chithunzi chilichonse pali wina amene akuyang'ana: mnansi kuseri kwa mpanda, apongozi, aphunzitsi, mlendo. Sopoyo ankachotsa litsiro ndithu. Koma asanamugulitse ankayamba agulitsa manyazi, kenaka nkubweretsa sopo ngati mankhwala ake.

Pamene malondawa anafika kwathu

Kuno ku Africa nkhaniyi inali ndi mbola ina. M'zaka za m'ma 1880 kampani ya sopo wa Pears inafalitsa chithunzi cha mwana wachizungu akusambitsa mwana wachikuda m'bafa. Pa chithunzi chachiwiri mwana wachikudayo watuluka thupi lonse litayera, kungotsala mutu, ndipo akudabwa podziona pa galasi. Mu 1899 kampani yomweyo inatsatsanso kuti kuphunzitsa anthu a maiko akutali ukhondo ndi ntchito yoyamba ya Mzungu. Chodabwitsa nchakuti mafuta opangira sopo wambiri wa ku Ulaya ankachokera ku Africa konkuno. Mu 1911 Lever anapatsidwa malo aakulu ku Congo ya Abelijiyamu kuti azikolola mafuta a kanjedza, ndipo olemba mbiri asonyeza kuti anthu ambiri kumeneko ankagwira ntchitoyo mokakamizidwa. Mafuta ankachoka m'manja mwa munthu wakuda, nkubwerera ngati sopo womuuza kuti iye ndi wauve.

Pambuyo pake makampani anaona kuti Afirika nawonso ndi ogula, ndipo zithunzi zinasintha. Katswiri wa mbiri Timothy Burke, m'buku lake la 1996 lotchedwa Lifebuoy Men, Lux Women, anafotokoza za ku Zimbabwe mmene Lifebuoy ankatsatsidwira kwa amuna ogwira ntchito zathukuta, pamene Lux ankatsatsidwa kwa akazi ofuna kuoneka otsogola. Magazini amene abale athu ankabwera nawo kuchokera ku Salisbury, ku Joni ndi ku migodi anali odzaza ndi zithunzi zotere. Tsamba la m'bokosi la amayi anga liyenera kuti linayenda njira imeneyo. Tinenenso zoona: si amalonda okha amene anaphunzitsa zimenezi. Masukulu a mishoni, amene tikuwathokoza pa zambiri, ankaphunzitsa atsikana kuchapa, kusita ndi kukonza m'nyumba, ndipo nthawi zina Chikhristu ndi nsalu yosita bwino zinkaoneka ngati chinthu chimodzi.

Apa chinenero chathu chimatitchera msampha. Taganizirani liwu lakuti kuyera. Mbale yotsukidwa ndi yoyera. Bulawuzi yathu ndi yoyera. Mtsikana wa khungu lowala timati ndi woyera. Ndipo Mzimu wa Mulungu ndi Woyera. Liwu limodzi lasenza ukhondo, mtundu wa nsalu, khungu ndi chiyero. Chimodzimodzi liwu lakuti kuda: malaya alitsiro timati ada, ndipo ife eni ake ndife anthu akuda. Makolo athu ankadziwa kusiyanitsa matanthauzowa popanda vuto. Koma wotsatsa malonda akawasakaniza dala, kapena ife tikawasakaniza mosazindikira, timafika poganiza kuti wa zovala zowala ndiye wa mtima wabwino, ndipo wa khungu lowala ndiye wokongola. Sizinathere kale ayi. Mu Okutobala 2017 kampani ya Dove inapepesa chifukwa cha kanema wa pa Facebook amene anaonetsa mkazi wakuda akuvula malaya nkusanduka mkazi wachizungu. Mu 2020 mafuta odzola otchedwa Fair & Lovely anasinthidwa dzina kukhala Glow & Lovely anthu atadandaula. Ndipo atsikana athu ena akusupula nkhope zawo ndi mafuta oyeretsa khungu, chifukwa winawake anawauza kuti kuda ndi chilema.

Zaka zimene sopo anasowa

Amene tinakula m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira nthawi imene sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinkasowa m'dziko muno. Mphekesera ikamveka kuti ku sitolo ya boma ku Chipata kwafika sopo, anthu ankaima pa mzere kuyambira mbandakucha, ndipo ife a kuno ku chigwa nthawi zambiri tinkamva katundu atatha kale. Kwathu mtanda umodzi ankaudula tizidutswa ndi ulusi, ndipo kachidutswa kotsala sikankatayidwa. Sopo akatheratu, amayi ankapikicha zovala ndi masamba a papaya. Mapoto ankakwecha ndi mchenga ndi phulusa mpaka ankawala pa thandala.

Zovala zathu sizinkawala ngati za pachithunzi chija. Koma kodi amayi anga anasiya kukhala mayi wabwino m'zaka zimenezo? Kodi anadzakhala mayi wabwino koposa pamene malonda anamasulidwa pambuyo pa 1991, masitolo nkudzaza, kapena pamene kampani ya Trade Kings ku Lusaka inayamba kupanga Boom mu 1995? Munthu anali yemweyo. Chimene chinasintha ndi chuma cha dziko ndi zimene zinali pa shelefu. Ngati ubwino wa mayi ungakwere ndi kutsika pamodzi ndi mtengo wa sopo, ndiye kuti chimene tikuyezacho ndi thumba lake. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Palinso china chimene zithunzi zija zinabisa. Pa zonsezo wochapa ndi mkazi. Koma katswiri wina, Karen Tranberg Hansen, m'buku lake la 1989 lotchedwa Distant Companions, anasonyeza kuti mu Northern Rhodesia antchito a m'nyumba za Azungu ambiri anali amuna. Agogo athu aamuna ndiwo ankachapa, kusita ndi kutsuka mbale za atsamunda. Leronso m'malo ogona alendo a kuno ku Mfuwe muli abambo odziwa kusita kuposa ine. Ntchito ikakhala ya malipiro, manja a mwamuna amaidziwa bwino. Ikafika pakhomo yasanduka ya mkazi, ndipo manyazi ake onse ndi a mkazi.

Kodi tsono ukhondo ulibe ntchito?

Wina anganene kuti: amayi inu mukuphunzitsa ulesi. Ayi ndithu. Sopo ndi chinthu chabwino, ndipo wapulumutsa miyoyo yambiri. Kolera amene anabuka mu Okutobala 2023 anapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Amene anaona zimenezo sanganyoze kusamba m'manja ndi kutsuka mbale. Ndiponso kutsatsa malonda pakokha si tchimo. Wogulitsa tomato pa msika wa Cropping naye amaitanira. Timapaketi ting'onoting'ono ta sopo ta pa kantemba tathandiza mabanja amene sangagule mtanda wathunthu.

Tinenenso kuti pali uve weniweni wochokera ku mphwayi, ndipo mlongo wotere amafunika kumulangiza. Kudzisamala ndi njira ina yolemekezera anzathu. Sindikufuna mwana wanga apite kusukulu osasamba, ndipo sindivala bulawuzi yamakwinya pa tsiku la Chigwirizano.

Koma tiyeni tisiyanitse zinthu ziwiri zimene otsatsa malonda anazimanga mtolo umodzi. Pali ukhondo woteteza moyo: manja osamba tisanadye ndi pochokera kuchimbudzi, mbale zotsuka zouma pa thandala, madzi akumwa ovindikira, thewera lochapidwa ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Ukhondo umenewu ndi udindo wa aliyense, wolemera ndi wosauka, mwamuna ndi mkazi. Ndiye pali kuwala koonetsa anthu: shati imene iyenera kuposa ya mnansi, nsalu imene iyenera kuthobwa m'maso. Tizilombo ta matenda sitiona mtundu wa nsalu. Malaya otuwa ochapidwa bwino nkuuma pa dzuwa la Okutobala ndi aukhondo, pamene nyumba yowala imene anthu ake sasamba m'manja ndi chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ukhondo woyambawo ungafunsidwe kwa munthu aliyense. Kuwala kwachiwiriko kumagulidwa, ndipo kuweruza nako mnzathu ndi kumuweruza chifukwa cha umphawi wake.

Tangowerengani mtengo wa bulawuzi imodzi yowala kuno ku Chinzombo. Pafunika sopo, mwina ndi Jik. Pafunika madzi abwino, pomwe mijigo ina madzi ake ndi amchere, sopo sachita thovu, ndipo ina imasiya chikasu pa nsalu. Pafunika nthawi yokatunga, ndipo masiku ena njira ya ku mjigo yatsekedwa ndi njovu. Pafunika makala a simbi. Kenaka mayiyo ayende makilomita angapo m'fumbi kapena m'matope kuti afike kutchalitchi. Ine amene ndili ndi malipiro a mwezi ndi mabulawuzi atatu ndikafika ndikuwala, sindinamupose chilichonse pa khama. Mwina iye ndiye wandiposa.

Cholakwa changa

Sindikulemba izi ngati munthu wosalakwa. Chaka china, pa sukulu ina imene ndinkaphunzitsa, inali sabata yanga yoyang'anira ana. Pa mzere wa m'mawa ndinaona mtsikana wa Giredi 9 amene kolala ya shati yake inali ndi mzere wa litsiro. Ndinamuitanira kutsogolo, nkuitembenuza kolalayo kuti onse aone, ndipo ndinafunsa mokweza kuti: “Kodi kwanu kulibe mayi?” Ana anaseka. Ine ndinaganiza kuti ndaphunzitsa ukhondo.

Mtsikanayo sanabwere kusukulu masabata awiri. Nditapita kukamufuna, ndinapeza kuti funso langa linali ndi yankho: amayi ake analidi atamwalira. Ankakhala ndi agogo ake. Chaka chimenecho njovu zinali zitadya munda wawo usiku umodzi, ndipo kandalama kalikonse kankapita ku ufa. Shati anali nayo imodzi. Ankaichapa madzulo ndi madzi okha, nkuivala m'mawa isanaumitsitse. Pabwalo panali posesedwa bwino, ndipo mapoto a pa thandala ankawala ndi phulusa monga a amayi anga. Agogowo anandipatsa mpando, iwo nkukhala pansi, ndipo anati: “Aphunzitsi, mutikhululukire. Mdzukulu wanguyu si wauve. Sopo ndiye watisowa.”

Iwo ndiwo ankapepesa kwa ine! Ndinabwerera kunyumba mutu uli pansi. Ndinazindikira kuti ine ndinali mayi uja wa nsapato zazitali, ndipo ndinachita ndendende zimene wotsatsa Wisk ankachita, kungoti ine ndinalibe ngakhale sopo woti ndigulitse. Ndinapepesa kwa mtsikanayo pamaso pa kalasi lake. Anabwerera kusukulu ndipo anamaliza. Koma mpaka anachoka, sanakwezenso dzanja m'phunziro langa. Litsiro la pakolala likanachoka ndi kachidutswa ka sopo. Chimene ine ndinamupaka sichinachoke msanga.

Pakati pathu

Amayi anzanga, tidzifunse moona mtima. Kodi pa maliro sitinanong'onezanepo za bulawuzi ya uje imene yasanduka yachikasu? Kodi mlongo amene amakhala kumbuyo nthawi zonse, kapena amene anasiya kubwera, tinamufunsapo chifukwa chake? Yunifolomu inabwera kuti mkazi wa mphunzitsi ndi mkazi wa msodzi aoneke chimodzimodzi pamaso pa Mulungu. Ikayamba kutisiyanitsa, yataya ntchito yake. Pa Yakobo 2 timachenjezedwa za kupatsa mpando wabwino wovala zokongola ndi kukankhira pambali wovala zosaoneka bwino. Ndipo pa Yeremiya 2:22 mneneri amatchula sopo weniweni, pokumbutsa anthu kuti pali banga limene sopo wochuluka bwanji sangalichotse. Banga limeneli likhoza kukhala pansi pa bulawuzi yowala kwambiri, ndipo dzina lake lina ndi kunyoza.

Yankho langa tsono ndi ili. Nkoyenera kufunsa ngati ana a pakhomo akutetezedwa ku matenda. Nkosayenera kuyeza ulemu, khama kapena chikhulupiriro cha mayi ndi kuwala kwa nsalu. Ndipo tikaona mnzathu zovala zake zada, funso loyamba lisakhale lakuti “ndi mayi wotani ameneyu?” Likhale lakuti “chamusowa nchiyani?” Mwina ndi sopo. Mwina ndi madzi. Mwina akudwala, kapena akusamala wodwala, kapena mtima wake walemedwa kotero kuti manja afooka.

Pali zinthu zing'onozing'ono zimene tingachite. Pa gulu lathu, amene angathe azibweretsa mtanda wa sopo kamodzi pa mwezi, ndipo atumiki azikapereka mwakachetechete pocheza m'makomo, popanda kuitana maina kutsogolo kapena kujambula zithunzi za pa foni. Mlongo wofunika kulangizidwa alangizidwe pa awiri, ndi mayi wamkulu amene amamukonda. Ana athu aamuna tiwaphunzitse kuchapa makolala awo ndi kutsuka mbale zimene adyera. Ana athu aakazi tiwauze kawirikawiri kuti khungu lawo si litsiro. Ndipo tikamaonera malonda pa wailesi yakanema pamodzi ndi ana, tiziwafunsa kuti: apa akutigulitsa chiyani, ndipo akufuna tiope yani?

Ine m'kabati yanga ya kusukulu simusowa tizidutswa ta sopo tokulunga m'pepala. Mwana ndikamuona, ndimamuitana nthawi yopuma ngati ndikufuna kumutuma, ndipo palibe wina amadziwa. Tsamba lija la m'bokosi ndinalisunga. Ndikaliyang'ana masiku ano, maso anga sakhalanso pa mayi womwetulira uja. Amapita kwa mnzake wa kuseri kwa mpanda, amene wanyamula zovala zotuwa, pakuti ameneyo ndimamudziwa. Anandilera, ndipo sindinagonepo ndi njala kapena kudyera m'mbale yosatsuka.